Pigi yakakamira mu paipi, fomani akuti ndi ine. Nditani?

Membala wosadziwika: A admin chonde bisani dzina. Abale, ndili ku Joni, ndimagwira kwa kontilakita wina wotsuka mapaipi. Lachiwiri tinalowetsa pigi, chija chimayenda m'kati mwa paipi mokankhidwa ndi presha n'kumapala zinyalala. Ine anandiika pa valavu ya pakati ndi kachipangizo komvetsera kuti ndinene ikamadutsa. Sindinamve kanthu, ndipo kolandirira, kumapeto kwa paipi komwe imatulukira, sinaoneke mpaka lero. Fomani akuti ndinagona. Munthu yemweyu ovataimu ya mwezi watha sanandisainire, nsapato za sefite ndinagula ndekha, kumudzi mayi a ana akulira za fizi. Mawa akuti ndikatsegule ndine chitseko cha kolandirira, mwina inafika mwakachetechete. Nditani?

Mdala wa ku Ndola: Ana inu mumathamangira ndalama ntchito musanaidziwe! Paipi ya mafuta ya TAZAMA ndi makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika kuno, inayamba ntchito mu 1968, kukula kwake kwina ndi mainchesi 8 kwina 12. Imeneyo ndiye paipi. Iwe kako ka mu depoti kakuzunguza mutu?

Mlongo wa ku Secunda: Achimwene, simunanene chenicheni. M'paipimo mukudutsa chiyani, dizilo kapena gasi? Nanga pigiyo ndi ya siponji, ya maburashi, kapena ija ya maginito yofufuza dzimbiri? Geji yoyezera presha ikuti chiyani kumbuyo ndi kutsogolo kwake? Ngati presha ikukwera kumbuyo, yatseka njira. Ngati zinthu zikudutsabe, mwina makapu ake, aja amagwira m'mbali mwa paipi kuti presha iikankhe, aperepeseka kapena yanyenyeka.

Mdala wa ku Ndola: Mafunso a m'kalasi amenewo. Onjezani presha ituluke basi!

Mlongo wa ku Secunda: Madala, mupha mwana wa eni ake. Ngati ndi gasi, amapanikizika kumbuyo kwake, pigiyo ikamasuka imabwera ngati chipolopolo.

Wowotcherera wa ku Beira: Ine mnzanga anathyoka mwendo ndi chitseko chomwecho, geji ikuonetsa ziro chonsecho inali itatsekeka ndi litsiro. Kampani inangomupatsa ya basi. Mpaka pano ndimamutumizira kangachepe ine, mkazi wakenso anamuthawa. Aise, usaime kutsogolo kwa chitseko, ima cham'mbali.

Nkhwiru: Bwererani kumudzi mudzalime soya, ulibe presha 😂

Mayi a mapasa: Inu mukuseka mnzanu ali pamoto. Koma bambo inu, za ovataimuzo pitani ku CCMA, bungwe la ku Joni loweruza mikangano ya pa ntchito. Ndipo fizi tumizani, ana asavutike chifukwa cha paipi.

Mdala wa ku Ndola: CCMA itulutsa pigi? Vuto ndi makontilakita a masiku ano. Paipi yosaidziwa umayamba ndi siponji yofewa, kenako ija ya mbale ya aluminiyamu, ikatuluka mbale itapindika wadziwa kuti penapake paipi inaphwanyika kapena valavu sinatseguke yonse. Iwo amangoponya yolimba tsiku loyamba. Mu 2023 TAZAMA inasiya mafuta osayenga n'kuyamba kupopa dizilo, mukuganiza kuti anangotsegula mpopi osatsuka?

Mlongo wa ku Secunda: Apa ndiye mwanena zoona madala. Achimwene, funsaninso ngati anaika transmita ya 22 Hz, kachipangizo kotumiza chizindikiro cha pomwe pigi ili, m'pigimo, ndipo batire linali latsopano. Popanda imeneyo simukanaimva bwinobwino, mlandu si wanu. Ngati ilimo, yendani ndi kachipangizoko pamwamba pa paipi, makamaka pa makona ndi pa mavalavu. Chitseko musakhudze popanda pemiti yosainidwa, mavalavu atatsekedwa ndi loko, venti yotulutsira mpweya ndi dreni yotulutsira zamadzi zitatsegulidwa. Fumbi lakuda likatuluka lithireni madzi, lina limayaka lokha likauma.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Fomaniyo ndi mlamu wake wa bwana, ndiye nkhani yake ndi imeneyo.

Mlongo wa ku Secunda: Dizilo kapena gasi, achimwene??

Mdala wa ku Ndola: Musiyeni, ameneyu anagonadi.