Viza ya 491 ya ku Australia: ndiilandire kapena ndidikire viza ya 190?

NamwinoWaKuZomba:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndine namwino wa zaka 34, ANMAC (bungwe lounika maphunziro a anamwino ofuna viza ya ku Australia) inavomereza kale mapepala anga, ndipo pa SkillSelect (webusaiti ya boma yolembetsera ofuna viza za ntchito) mapointi anga ndi 65 ndendende. Ine mtima uli pa 491 ya South Australia, viza yokhalira ku madera otchedwa "regional", koma bambo a kunyumba akuti tidikire 190 poti imeneyo ndi PR (chilolezo chokhala mpaka kalekale) pompopompo. Nkhawa yawo ndi ana athu awiri. Akuti "regional" ndi kutchire kopanda sukulu yabwino. Amene muli komweko, zilidi choncho?

AchimweneAkuAdelaide:
Achemwali, auzeni alamuwo mtima ukhale m'malo. Kupatula Sydney, Melbourne ndi Brisbane, dziko lonseli ndi regional, kuphatikizapo Perth, Hobart ndi Canberra. Adelaide kuno kuli anthu oposa miliyoni imodzi, zipatala zikuluzikulu ndi sukulu zambiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi 65 yanuyo. Amenewo ndi mapointi ongolowera pakhomo, ndipo anthu ambiri ali pamwamba panu. State (boma la chigawo, monga South Australia) ikakusankhani pa 190 imawonjezera 5 okha, pomwe pa 491 imawonjezera 15, ndiye mufika 80. Viza ya 491 ndi ya zaka zisanu. Mukakhala ku regional zaka zitatu mumapempha 191, yomwe ndi PR, ndipo Medicare (thandizo la boma la kuchipatala) mumakhala nayo kuyambira pachiyambi. Ine ndinadzera momwemo ndipo sindidandaula.

MayiAMapasa:
Zoona, koma dziwani kuti mukangolandira 491 mwadzimanga. Simungapemphenso 190 kapena 189 (PR yosafuna kusankhidwa ndi state) zaka zitatuzo zisanathe, ndipo lamulo lokhala ku regional likukhudza banja lonse. Bambowo akapeza ntchito yabwino ku Melbourne, angoyang'ana. Ife zinatipweteka zimenezi, amuna anga anakana ntchito ya maphunziro awo n'kumagwira yosamalira okalamba.

Sungani Notice of Assessment, kalata ya msonkho yochokera ku ATO (bungwe lotolera misonkho), chaka chilichonse, pa 191 amafuna za zaka zitatu. Komanso kalata ya ANMAC imathandiza pa viza basi, kuti mugwire ntchito m'wodi pakufunika kulembetsa ku AHPRA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala. Mwayamba?

NamwinoWaKuZomba:
Zikomo kwambiri nonse. Za AHPRA zili m'kati. Ndiyesanso mayeso a Chingerezi a IELTS, ndikapeza 8 paliponse mapointi a Chingerezi achoka pa 10 kufika pa 20. Achimwene, anamwino ofika kumene amayamba kupeza ntchito m'zipatala kapena kosamalira okalamba?