Makutu akuti ali bwino, koma paphokoso satola mawu: kodi ndi MS?

NaPhiri_Chilomoni:
Akuluakulu, ndifunse nawo. Mchemwali wanga ali ndi matenda a multiple sclerosis, aja amangoti MS. M'nyumba mukakhala zii amamva bwinobwino, koma mu minibasi, kumsika wa Limbe kapena m'tchalitchi zokuzira mawu zikayatsidwa, amati akumva kuti munthu akuyankhula koma mawuwo sakuwatola. Anamuyeza makutu, akuti ali bwino. Tsono vuto lili pati? Timugulire kamakina kothandiza kumva?

Mbewe_Zingwangwa:
A NaPhiri, musagule kaye kamakinako. Khutu likhoza kukhala bwino, vuto n'kukhala panjira imene mawu amadutsa. Akachoka m'khutu amayenda ndi mtsempha wa kumva kupita ku tsinde la ubongo, kenako n'kukwera kumtunda kumene amatanthauziridwa. Mu ubongomo njira zimenezi n'zokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga pulasitiki amakutira waya wa magetsi. Pa MS chitetezo cha m'thupi chimaukira myelin ameneyu, ndiye uthenga umafikabe koma mochedwa ndi mosalingana.

Kuchedwako n'kochepa zedi, koma mpamene pagona nkhani. Pa tsinde la ubongo pali malo otchedwa superior olive, amene amayerekezera nthawi imene phokoso lafikira khutu lamanja ndi lamanzere. Kusiyanako sikukwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ndi kakusiyana kameneka kamene kamathandiza ubongo kudziwa kuti mawu a mnzanu akuchokera uku, injini ya minibasi uko, n'kusankha choti umvere. Mbali imodzi ikamachedwa, zonse zimangosakanikirana. Zilembo zofooka monga p, t, k ndi s ndizo zimayamba kumira, pamene a, e, o zimamvekabe. N'chifukwa chake akumva kuti mukuyankhula koma sakutola.

Mayi_Gondwe:
A Mbewe anena zoona. Kuyeza kumene anachita kuyenera kukhala kwa audiogram: amakuvekani mahedifoni m'chipinda cha zii, n'kumakulizirani tiphokoso kuyambira ta besi (250 Hz) mpaka tosongoka kwambiri (8,000 Hz), inu n'kumadina batani mukamva. Kumeneko kumangosonyeza phokoso lochepetsetsa limene khutu lingamve, sikuyeza liwiro la mitsempha.

Pitani ku kliniki ya makutu ku chipatala cha Queens, munene momveka kuti wodwalayo ali ndi MS, ndipo mufunse ngati angamuyeze kumva mawu pakati pa phokoso komanso ABR, kuyeza kumene kumaona liwiro la uthenga m'mitsempha ya kumva. Pa ABR amamata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu, n'kuliza tiphokoso ta "tcha tcha tcha", kompyuta n'kujambula mafunde asanu amene amatuluka m'ma millisecond 10 oyambirira (millisecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Kuchokera pa funde loyamba kufika lachisanu pamayenera kutha ma millisecond pafupifupi 4. Pakapitirira kwambiri, kapena khutu lina likamatsalira, ndi chizindikiro choti panjirapo pali vuto. Sizipweteka.

Komanso tisamangoloza MS pa chilichonse. Aone kaye phula m'khutu ndi mafinya, ndipo muwauze ngati anabayidwapo gentamicin, streptomycin kapena quinine, chifukwa mankhwala amenewa amakhudza kumva.

Kumwenda_Ndirande:
Kamakina wamba kamakweza zonse, mawu ndi phokoso lomwe, ndiye kwa munthu amene audiogram yake ili bwino phindu lake limakhala lochepa. Chofunika n'chakuti mawu apose phokoso. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu), ndiye woyankhula asapitirire mita imodzi. Muyambe mwamutchula dzina, akuyang'aneni, kuwala kugwe pankhope yanu osati kumbuyo kwanu, kuti aziona milomo. Osakuwa. Kukuwa kumakweza a, e, o zomwe akumva kale. Akapanda kumva, nenani chomwecho m'mawu ena, m'ziganizo zifupizifupi. Wailesi ndi TV zizimitsidwe pokambirana, ndipo nkhani zofunika musayambe mvula ikugwa pamalata. M'tchalitchi akhale kutsogolo koma kutali ndi sipika, asakhale kumbuyo kumene mawu amabwerera kuchokera kuzipupa.

Chimene chimathandiza kwenikweni ndi maikolofoni yovala woyankhulayo, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera kukamwa, yotumiza mawu mwachindunji m'makutu mwa wodwalayo. Foni ndi mahedifoni zikhoza kuyesedwa kaye: pa iPhone pali pulogalamu ya Live Listen, pa Android pali ya Sound Amplifier.

NaPhiri_Chilomoni:
Zikomo nonse. Nanga bwanji masana kukatentha zimanyanya?

Mayi_Gondwe:
Mtsempha wopanda myelin wokwanira supirira kutentha. Kutentha kwa thupi kukangokwera ndi theka la digiri, zizindikiro zakale zimadzuka, n'kutsikanso akazizidwa. Madokotala amazitcha Uhthoff. Ndiye mu Okutobala ndi Novembala aziyenda m'mawa, azimwa madzi ozizira, ndipo thupi likatentha ayezedwe malungo ndi mkodzo asanaganize kuti MS yabweranso. Kutopa nakonso kumawonjezera, chifukwa kumvetsera paphokoso ndi ntchito yolemetsa ubongo.

Koma khutu limodzi likangogontha mwadzidzidzi, kapena pakabwera chizungulire ndi kulira kwa m'khutu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala akatsimikiza kuti ndi MS yayambiranso, kawirikawiri amapereka methylprednisolone, gramu imodzi patsiku kwa masiku 3 mpaka 5, ndipo ambiri kumva kumabwerera. Musathiremo mafuta kapena mankhwala a m'botolo poyembekezera.