Phunziro la stability Lachinayi, nditenge Fubuki kapena?

Mphunzitsi wa ma cadet: Akuluakulu mwaswera bwanji. Lachinayi ndili ndi kalasi ya stability (kukhazikika kwa sitima kuti isatembenuzike), anawa GM (mtunda wochoka pa G, pakati pa kulemera kwa sitima, kufika pa M, metacentre, womwe umaonetsa mphamvu yobwerera sitima ikapendekera pang'ono) akuwerengetsa bwinobwino papepala koma ukawafunsa kuti nanga sitimayo pamadzi ipanga bwanji amangokuyang'ana. Ndikufuna sitima yeniyeni yomwe inalakwika popanga kenako nkukonzedwa, yoti manambala ake alipo. Ndimaganiza ma destroyer (sitima zankhondo zaliwiro) a ku Japan aja a mtundu wa Fubuki, paja awiri anaduka mitu mu namondwe wa 1935. Zikhala bho?

Chief Injiniya: Ayi aphunzitsi, Fubuki muwasokoneza anawo. Zija za pa 26 September 1935, Hatsuyuki ndi Yugiri kuduka mbali yakutsogolo, vuto linali thupi la sitima kuchepa mphamvu, anapeputsa zitsulo mopyola muyezo kuti sitima ya matani 1,750 inyamule mfuti 6 za 127 mm ndi ma tube 9 a torpedo nkumathamanganso 38 knots. Zinaduka koma sizinatembenuzike, anachita kuzikoka kupita kudoko zili choimirira. Imeneyo isungeni mudzaigwiritse pa hogging ndi sagging, kupindika kwa thupi la sitima pa mafunde. Pa stability tengani Hatsuharu.

Mphunzitsi wa ma cadet: Hatsuharu sindikuidziwa bwino aChief, tafotokozani

Chief Injiniya: Pangano la ku London la 1930 linati ma destroyer ambiri asapitirire matani 1,500, ndiye akuluakulu a nevi ku Japan anati chabwino tipange ya matani 1,400 koma zida zikhale ngati za Fubuki zomwe zija. Mfuti 5 za 127 mm, ma tube 9 a 61 cm, buriji yaitali ngati nyumba yosanja, mfuti ina kutsogolo anaikweza pamwamba pa inzake, zonsezi pa thupi lalifupi komanso losazama kwambiri m'madzi. Poiyesa mu 1933 anangopinda chiwongolero madigiri 10 ili pa liwiro, sitima nkupendekera madigiri 38. Nambala imeneyo ilembeni pa bolodi musanayankhule kalikonse.

Kaputeni wa Usiku: 38?? Ine pa 15 pomwe khofi yense amakhala ali pansi kkkk

Asisi a Survey: Onjezerani ichi aphunzitsi chifukwa ndi pamene pali phunziro lenileni. Koyamba sanachotse kanthu, anangoika ma bulge (zotupa zachitsulo) m'mbali kuti sitima ikule m'lifupi. Ukakulitsa m'lifupi M amakwera, GM papepala imaoneka yabwino, aliyense nkusaina. Koma G ali pomwe paja pamwamba, ndiye sitima ikapendekera kwambiri mphamvu yobwerera imatha msanga. Kenako pa 12 March 1934 Tomozuru, ka torpedo boat kopangidwa ndi maganizo omwewa, kanatembenuzika mu nyengo yoipa kufupi ndi Sasebo, anthu pafupifupi 100 mwa 113 anafa. Apo mpomwe anavomera kuti katundu wapamwambayo atsike basi.

Mphunzitsi wa ma cadet: Eya izi nzomwe ndimafuna. Anachotsa chani kwenikweni?

Asisi a Survey: Ma tube atatu a torpedo anachoka kutsala 6, mfuti yokwezedwa ija anaisamutsira kumbuyo pa deki yapansi, buriji anaichepetsa, machumuni ndi mast anafupikitsa, pansi anathira ballast (zolemera zokhazikitsa sitima). Liwiro linatsika kuchoka pa 36.5 kufika cha m'ma 33 knots. Muwapatse mndandandawu osawauza yankho, chilichonse anene ngati chikusuntha G kapena M, ndipo chikupita kuti. Muona okha amene anangoloweza formula.

Madala Wowotcherera: Ine ndingodandaula pang'ono pa za 1935 zija. Mlandu anaukankhira pa kuwotcherera mpaka anabwerera ku ma rivet pa mbali zofunika za sitima, pomwe chitsulo anachita kuchipyapyalitsa okha ku ofesi yojambula. Zikavuta amayamba ndi ife nthawi zonse.

Chief Injiniya: Madala musatenthe mtima, wojambula nayenso sanapulumuke. Fujimoto Kikuo amene anatsogolera ma design amenewa anamuchotsa pa udindo nkhani ya Tomozuru itachitika, anamwalira January 1935, namondwe uja sanamuone nkomwe. Koma amene ankaumiriza kuti zida zonsezo zikwane pa matani ochepa anali akuluakulu ankhondo, iye anangolephera kukana.

Kaputeni wa Usiku: Ana adzafunsa kuti nanga kunkhondo zinatha bwanji, konzekerani. Komanso bwanji osangotenga sitima ya Vipya ya 1946, anthu 145 anathera panyanja yathu ya Malawi yomweyi, imeneyo agogo awo amaidziwa

Asisi a Survey: Vipya muitchule poyambira kuti adzuke, koma inamira nkuthera pomwepo, palibe "isanakonzedwe" ndi "itakonzedwa" yoti mwana awerengetse. Hatsuharu ili nazo zonse ziwiri.

Chief Injiniya: Za kunkhondo nzachidule, za mtundu wa Hatsuharu zinalipo 6 ndipo palibe yomwe inatsala. Nenohi inamizidwa ndi sabumarini ya America, Triton, ku Aleutian mu July 1942. Yugure ndi Ariake ndege zinazimiza July 1943, Wakaba pa Leyte October 1944, Hatsuharu mwini wake ku Manila November 1944. Hatsushimo ndiye inali ndi mwayi, inaperekeza chisitima chankhondo cha Yamato mu April 1945 nkubwerako, koma inakagunda bomba la m'madzi pa 30 July 1945 ku Miyazu nkhondo itatsala masabata awiri. Chokomera kalasi yanu nchoti ndege zitavuta anafuna kuonjezera mfuti za 25 mm ndi radar, zonsezo ndi zapamwamba, ndiye mfuti ya 127 mm yosamutsidwa ija anaichotseratu. Ukafuna kukweza china utsitse china, ngati kondakitala wanzeru pa kaliyala ya basi.

Mphunzitsi wa ma cadet: Zikomo akuluakulu. Ndiyamba ndi 38 pa bolodi, kenako bulge, Tomozuru, mndandanda wa asisi uja akhale m'magulu. Asisi muli ndi ka GZ curve (chojambula choonetsa mphamvu yobwerera sitima ikamapendekera) ka sitima iliyonse yoti G ndi wokwera koti ndijambulire?

Asisi a Survey: Ndili nako ka pontoon ina tinaikana chaka chatha, ndifufuta dzina ndikutumizirani madzulo magetsi akayaka.