Kamera yanga yodzipangira ikungojambula udzu, nyama sikuoneka

Mlondathengo:

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru, pakuti panokha ndathedwa.

Kumunsi kwa munda wanga kuli kanjira kotsikira kumtsinje, ndipo m'mawa uliwonse ndimapezapo mapazi atsopano. Tsiku lina ndinatolapo minga itatu ya nungu. Chibadwire sindinaonepo nungu wamoyo, ndiye ndinaganiza zodzipangira kamera yoti izijambula yokha kanthu kakadutsa.

Ndagwiritsa ntchito bolodi ya ESP32-CAM (kakompyuta kakang'ono), ija ya kamera ya OV2640, sensa ya HC-SR501 yomva kanthu kakadutsa, memori khadi ya 8GB, ndi mabatire awiri a 18650 amene ndinachotsa mu laputopu yakale. Bolodi imakhala ili pa deep sleep, ndiye kuti mtulo tosunga batire, sensa ikamva kanthu imaidzutsa kudzera pa pini ya bolodiyo yotchedwa GPIO 13, imajambula chithunzi chimodzi n'kugonanso. Zonse zili m'kabokosi kapulasitiki kamene ndinamangirira pamtengo, chakufika pachifuwa changa, kuyang'ana kumene kanjirako kakuchokera.

Patatha masiku atatu ndinapeza mabatire atatheratu, m'khadimo muli zithunzi zoposa 2,000. Pafupifupi zonse ndi udzu ndi masamba, dzuwa lili phwee. Zambiri zatuluka zobiriwira ngati ndinajambulira m'madzi. Za usiku zilipo zisanu ndi zinayi zokha, ndipo pa chimodzi pakuoneka kansonga ka mchira m'mphepete. Kamchirako kandisowetsa tulo. Ndikuganiza zolowetsa sensa m'bokosi, kuseri kwa galasi, kuti mphepo isamaivutitse. Kodi ndi nzeru yabwino imeneyi? Nanga ndalakwitsa pati?

Zamawaya:

Achimwene, za galasizo musayerekeze. Mukatero sensa yanu sidzamvanso chilichonse.

Ambiri timaitcha sensa ya mayendedwe, koma sensa ya mtundu umenewu, yotchedwa PIR, siona kuyenda. Imamva kutentha. Thupi la nyama limatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kwa mamaikiromita pafupifupi 10, ndipo galasi wamba silikulola kudutsa. N'chifukwa chake kachipewa koyera ka pasensapo ndi kapulasitiki. Kachipewako kamagawa malo a kutsogolo m'timizere tambiri, ndipo m'kati muli timaso tiwiri toyandikana. Chinthu chofunda chikachoka pamzere wina kulowa wina, diso limodzi limayamba kumva linzake lisanamve, ndipo kusiyanako ndi kumene kumadzutsa bolodi yanu.

Mukamvetsa zimenezi, zithunzi zanuzo zikulongosoka zokha. Masana masamba amafunda ndi dzuwa, mphepo n'kumawagwedeza patsogolo pa mthunzi wozizira. Kwa sensa imeneyo ndi nyama. Sengani udzu wonse mamita atatu kapena anayi kutsogolo kwa kamera, ndipo musaiyang'anitse kotulukira dzuwa kapena kolowera.

Chachiwiri, mwati yayang'ana kumene kanjira kakuchokera. Nyama ikamabwera molunjika sensa, imakhala nthawi yaitali pamzere umodzi, sensa n'kudzadzidzimuka nyamayo itafika kale m'munsi mwa bokosi. Ipendeketseni kuti nyama izidutsa chopingasa. Ndipo itsitseni. Pachifuwa cha munthu m'pamwamba kwambiri kwa nungu, ikani chakufika m'mawondo.

Mlondathengo:

Zikomo kwambiri achimwene, zakutenthazi sindinkazidziwa n'komwe. Koma chikundidabwitsabe n'chakuti zithunzi zina zikutsatizana makumi angapo, zofanana ndendende, ngati kamera siinagone n'komwe pakati.

Kadzidzi77:

Zimenezo ndi timagudumu tiwiri ta kumbuyo kwa HC-SR501, bambo. Kamodzi ndi ka mtunda, kamafika mamita pafupifupi 7. Kenako ndi ka nthawi, kuyambira masekondi ochepa mpaka mphindi ngati zisanu. Ngati ka nthawiko kali pamwamba, waya wa sensa umakhalabe ndi moto nthawi yonseyo. Bolodi ikagona imaupeza uli ndi moto, imadzukanso, imajambula, imagona, imadzukanso. Katembenuzireni kumanzere mpaka kumapeto. Komanso mukangoyatsa, sensayi imafuna pafupifupi mphindi imodzi kuti ikhazikike, ndiye zoyambirira musaziwerengere.

Ine ndinaisiya HC-SR501 n'kutenga sensa ina ya PIR yotchedwa AM312. Ndi yaing'ono, imagwira pa mavolti 3.3, ilibe timagudumu tovutitsa, ndipo moto wake umazima pakangopita masekondi awiri. Siifika patali ngati inayo, koma pakanjira kopapatiza mtunda wautali ndi umene umabweretsa zithunzi zachabe.

Kubiriwirako n'chifukwa chakuti mukusunga chithunzi choyamba chenicheni. Kamera ikangodzuka imakhala isanayeze kuwala ndi mitundu. Mu pulogalamu yanu tengani zithunzi ziwiri kapena zitatu n'kuzitaya, musunge zotsatira. Ndikudziwa, zimenezi zikuwonjezera kuchedwa, ndipo inu mwatsala ndi mchira chifukwa cha kuchedwa komweko. Ndiye dulani kwina: Wi-Fi isayake n'komwe, chotsani ma delay (malamulo odikiritsa pulogalamu) onse osafunika, ndipo jambulani kaye musanatsegule khadi. Mukadzuka kamodzi sungani zithunzi zitatu zotsatizana.

Za mabatire, pitani nayo m'chipinda chamdima bolodi ili mtulo, muyang'ane nyali ya flash. Nthawi zambiri imakhala ikunyezimira pang'ono, chifukwa pini ya GPIO 4 imagwira ntchito ziwiri, ya nyaliyo ndi ya khadi. Tsegulani khadi pa 1-bit mode kuti isagwiritsenso ntchito piniyo, ndipo musanagoneke bolodi ikani GPIO 4 pa LOW (yopanda moto) n'kuigwira ndi lamulo la rtc_gpio_hold_en mu pulogalamu yanu. Mabatire a mu laputopu yakale nawonso ayezeni, ambiri amaonetsa mavolti 4.2 atangochajidwa koma m'kati mulibe mphamvu yokhalitsa.

NaMbalame:

Ine zamawaya sindizidziwa ngati abambo awiriwa, yanga anandilumikizira ndi mwana wanga. Koma ndakhala ndikuitchera zaka zitatu, ndiye ndilankhuleko za nyamazo.

A Kadzidzi, mwalongosola bwino za nyali ija, koma ine ndikanati aichotseretu. Kuwala koyera kumadzidzimutsa nyama. Kwanga gwape ankabwera pachitsime usiku uliwonse, nditamuwalitsa kawiri anasowa milungu yambiri, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa ndinamusokoneza pamalo ake omwera madzi. Tinasinthira ku ma LED a infrared, tinyali ta kuwala kosaoneka ndi maso. A mtundu wa 850nm amawala bwino pachithunzi koma amafiira pang'ono ukawayang'ana. A 940nm saoneka n'komwe, koma safika patali. Pamtunda wa mamita atatu ine ndimakhutira ndi a 940. Dziwani kuti kamera wamba ili ndi kasefa kotchinga kuwala kumeneku. Muyenera kukachotsa kuseri kwa lenzi, kapena kupeza kamera yopanda kasefako. Zithunzi za masana zidzayamba kutuluka zofiirira, koma nungu amayenda usiku, palibe chimene mutaye. Ma LED akhale ndi bowo lawolawo, chifukwa akakhala kuseri kwa galasi limodzi ndi lenzi kuwala kumabwerera ndipo chithunzi chimangoyera.

Musamapiteko tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa mtima umafuna kukaona, koma fungo lanu limatsala pakanjirapo. Ipatseni sabata. Ikanimo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi chifukwa mame a m'bandakucha amachititsa nthunzi pagalasi, ndipo tsekani timabowo tonse, nyerere zimakonda kumanga m'bokosi lofunda.

Chomaliza, ndipo ichi ndikuchinena mochokera pansi pa mtima: mukamupeza nunguyo, musalembe malo ake pa intaneti. Si onse oona chithunzi amene amafuna kungoona. Ena amabwera ndi misampha.

Mlondathengo:

Ndabweranso patatha masiku khumi ndi awiri. Ndinasenga udzu, ndinatsitsa bokosi mpaka m'mawondo, ndinalipendeketsa, ndinasinthira ku AM312. Batire imodzi inalidi yakufa, a Kadzidzi. Kasefa kaja ndinakachotsa ndi nsonga ya singano, manja akunjenjemera, ndipo pobwezera lenzi ndinavutika kuizungulitsa mpaka chithunzi chitaonekanso bwino. Ndinaika ma LED a 940 monga munanenera, mayi.

Sabata yathunthu, zithunzi 63 zokha. Zaudzu zilipobe koma zochepa. Pali kalulu, pali mphaka wa winawake, ndiye pali zitatu zotsatizana za nungu. Ndi awiri, wamkulu patsogolo, wamng'ono akutsatira pafupi ndi mchira wake, minga ili choimirira pang'ono. Ndinakhala pansi pomwepo pamtsinje ndi laputopu pamiyendo, osatha kunyamuka.

Vuto latsala ndi lakuti sindikudziwa anadutsa nthawi yanji, mafailo onse alibe tsiku lolondola. Ndamva za kawotchi ka DS3231, koma mapini a bolodiyi atsala ochepa. Alipo amene anakalumikizapo pa ESP32-CAM khadi likugwirabe ntchito? Munagwiritsa ntchito mapini ati?