Lupanga la Cloud likupindika, penti nayo yang'ambika: ndalakwitsa pati?

wa_ku_Midgar:
Moni nonse. Ndikupanga Buster Sword, chilupanga chija cha Cloud Strife wa mu Final Fantasy VII. Gemuyi ndinaidziwira pa PlayStation ya achimwene anga, ndipo chitulukireni Remake, gemu yomweyi yopangidwanso mwatsopano, mu 2020 mtima wakhala ukundiuza kuti ndilipange ndi manja anga. Ndinadula zidutswa ziwiri za foam ya EVA ya mamilimita 10, n'kuzimata pamodzi, pakati ndinaika ndodo yamtengo yofika theka la lupangalo. Kutalika kwake kwatsala pang'ono kufanana ndi msinkhu wanga. Mabowo awiri aja oikamo materia, timipira ta matsenga ta mu gemuyi, anatuluka bwino zedi, amenewo ndimanyadira nawo.

Koma ndikaliika paphewa monga amachitira Cloud, nsonga imazendewera ngati tsamba lofota. Penti ya siliva ndinapopera pa foam penipeni, inamwa yonse, ndinabwereza katatu, ndipo pamene pakupindikapo yang'ambika. Kodi lingapulumuke, kapena ndiyambirenso? Ndachezera nalo milungu itatu.

Mmisiri_Wakale:
Musalitaye, mlongo wanga. Mavuto anu awiriwo gwero lake n'limodzi. Foam ilibe msana, ndiye pomwe ndodo yathera ndi pomwe lupanga lidzapindikire nthawi zonse, ndipo penti youma singapirire kupindikako.

Ling'ambeni kumsana, mbali yosathwayo, potsata pomwe munamata. Chotsani ndodo yaifupiyo, muike yaitali yochokera kuchogwirira mpaka pafupi ndi nsonga, musiye malo okwana chikhatho chimodzi kuti nsonga ikhale yofewa. Ine ndimakonda paipi ya PVC kuchogwirira, koma dziwani kuti paipi yopyapyala ikatalika nayonso imawerama. Pa lupanga lalikulu chonchi ndodo ya fibreglass ndiye imagwira, ndipo ndi yopepuka. Semani kangalande mbali zonse ziwiri za foam kuti ndodoyo igone m'kati, apo ayi idzaonekera kunja ngati mtsempha. Popeza lupangali n'lotambalala, ndodo ziwiri zoyandikana zimaletsa kupotokola.

Pomata gwiritsani guluu wotchedwa contact cement. Pakani pang'ono mbali zonse ziwiri, dikirani mpaka isiye kunyowa, izingonanda pachala, kenako phatikizani. Ambiri amafulumira apa, ndiye msoko umatseguka mawa lake. Mukaphatikiza simungasunthenso, choncho yambani kunsonga pang'onopang'ono.

Za penti: EVA ili ndi timabowo tambirimbiri. Yambani mwaiwaula ndi heat gun, chida chopemerera mpweya wotentha, mpaka pamwamba pawale pang'ono, timabowoto titsekeke. Kenako popelani Plasti Dip, mankhwala opopera omwe akauma amakhala ngati labala, katatu, mopyapyala, iliyonse iume kaye. Siliva abwere pomaliza.

SoldierFirstClass:
Zonse anenazi n'zoona, koma Plasti Dip si yokhayo. Ine chishango cha Link wa mu gemu ya The Legend of Zelda ndinachipaka guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, kasanu, ndipo penti inakhala bwino. Kuipa kwake, guluuyu akauma amalimba, ndiye pa chinthu chopindika amasweka. Ndodo ikalowa bwino mungamuyese.

Chomwe ndikufuna kutsindika n'chakuti musalipange lonyezimira ngati latsopano. Lupangali ladutsa m'manja mwa Angeal ndi Zack, eni ake oyamba m'nkhani ya gemuyi, lisanafike kwa Cloud, lamenya nkhondo zambiri. Pansi pakani wakuda, kenako tengani burashi youma, muiviike mu siliva, muipukute pansalu mpaka itatsala pang'ono kutha, muzikwecha m'mphepete. Ndi mpeni temani timabala tiwiri titatu kumbali yakuthwa. Pachithunzi zimenezi ndi zomwe zimaoneka ngati chitsulo chenicheni.

Aerith_maluwa:
Chonde valani chotchinga mphuno mukamapala penti yakaleyo ndi sandipepa, ndipo guluu uja ndi zopopera muzigwiritsa ntchito panja. Ine ndinamatira m'chipinda chotseka, mutu unandipweteka tsiku lonse. Ngati mukupita nalo ku chionetsero cha ovala ngati anthu a m'magemu, funsaninso malamulo ake, chifukwa malo ambiri amakana zida zokhala ndi chitsulo m'kati, ena amaikanso malire a kutalika.

wa_ku_Midgar:
Zikomo kwambiri nonse. Ndaling'amba madzulo ano ndipo msoko watseguka wosaononga mabowo a materia. A Mmisiri, mpeni wanga ukumangonyotsola foam posema kangalandeko. Ndiusinthe?

Mmisiri_Wakale:
Wabuntha basi, foam imadya mpeni msanga. Muziunola mukadula kangapo, ndipo muziukoka kamodzi motsetsereka, osacheka ngati sowo. Mukamaliza kumata tionetseni chithunzi musanapake penti.