PCSX2 ikutsimphina pa laputopu yanga, ndigule makina otani?

Wometa_wa_pa_Nchalo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu kometera pano pa Nchalo, ndipo kuseri kwake ndinaikako benchi ndi TV kuti anyamata a kabaza azimenya mpira wa PS2 podikira makasitomala. Amalipira pa gemu, ndipo kunena zoona masiku ena benchi imeneyo imandipatsa zambiri kuposa lumo. Mwezi watha PS2 ija yasiya kuwerenga madisiki. Wokonza wati diso lake latha, ukalamba ndi fumbi.

Alamu anga andibwereka laputopu ya Celeron N4020, RAM 4GB. Wokonza yemwe uja wandikoperera BIOS kuchokera mu PS2 yanga, taika PCSX2, pulogalamu yoseweretsa magemu a PS2 pa kompyuta, ndipo gemu ya mpira ya PES 6 ikutseguka ndithu. Koma osewera akuthamanga ngati akuwoloka matope a ku Elephant Marsh, mawu a woulutsa akukokeka ngati wailesi yotha mabatire. Nambala ya pakona ya sikirini, yoonetsa liwiro la gemu, imasewera pa 30 m'mawa, ikafika 1 koloko masana imatsikiranso. Dzulo wina waponya padi pansi n'kunena kuti ndimubwezere ndalama yake, poti penate anaiphonya chifukwa cha makina anga.

Wogulitsa wina ku Limbe wandiuza pa foni kuti ndiwonjezere RAM ifike 8GB, ndiikenso SSD, zonse zitheka. Ndisanakwere minibasi kukwera phiri, ndiuzeni: n'zoona? Ngati si zoona, makina otsikitsitsa oti mpira uyende bwino ndi otani?

Katswiri_wa_pa_Ngabu

Achimwene, ndalama ya SSD ija isungeni kaye. SSD imathandiza kuti gemu itseguke msanga, koma mpira ukayamba siiwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. RAM nayo, musanagule tsegulani kunsi muone, chifukwa malaputopu ambiri a N4020 RAM yake ndi yowotcherera pa bodi, palibe poikapo ina.

Vuto lanu ndi purosesa. Anthu amadabwa kuti PS2 ndi makina a mu 2000, purosesa yake siifika n'komwe 300MHz, RAM yake 32MB yokha, nanga laputopu ya masiku ano ikulephera bwanji? Nkhani ndi yakuti PS2 imalankhula chinenero china. Muyerekeze mlaliki akulalikira m'Chisena, wina akumasulira m'Chichewa nthawi yomweyo. Womasulira akakhala wochedwa, ulaliki wonse umachedwa, ngakhale tchalitchi chikhale chachikulu chotani. Emulator, pulogalamu ngati PCSX2, ndi womasulira ameneyo: lamulo lililonse la purosesa ya PS2, ndi la tizigawo take towerengera zithunzi totchedwa VU0 ndi VU1, amalisandutsa kuti kompyuta yanu ilimve, ndipo ntchito yaikulu imagwera core (chigawo cha purosesa chogwira ntchito pachokha) imodzi kapena ziwiri. Ndiye chofunika ndi liwiro la core imodzi, osati kuchuluka kwa ma GB.

Pa webusaiti ya PassMark, yoyerekeza liwiro la mapurosesa, fufuzani dzina la purosesa, muone nambala ya single thread, yomwe ndi liwiro la core imodzi. Eni ake a PCSX2 amati poyambira ndi cha m'ma 1500, ndipo kuti mukhale pa mtendere ifike 2000. N4020 yanu ili pansi pa 1500, ma core ndi awiri okha, ndipo anaipangira kusunga batire, imadya mawati 6 basi. Singakoke ngolo imeneyi.

Disiki yanu ikakhala ya ku Ulaya, ya PAL, nambala ya pakona iyenera kukhala 50. Ya ku America ndi 60. Inu muli pa 30, n'chifukwa chake woulutsa akulankhula ngati waledzera.

Ine ndikanakhala inu ndikanafuna desikitopu yakale ya mu ofesi yokhala ndi i5 ya m'badwo wachinayi, monga i5-4590. Ma core ndi anayi, single thread imadutsa 2000 pang'ono. RAM ikhale 8GB, koma timitengo tiwiri ta 4GB, osati kamodzi ka 8GB, chifukwa zithunzi za Intel HD 4600, zomwe zili mu purosesayo, zimabwereka RAM yomweyo ndipo zimathamanga bwino timitengo tikakhala tiwiri. Windows 10 ya 64-bit, poti PCSX2 2.0 yomwe inatuluka mu 2024 siilola Windows 7. Resolution muisiye pa Native, ndiye kuti yofanana ndi ya PS2 yeniyeni. Mpira uyenda. Mukadzafuna kuti zithunzi ziwale kuposa pa PS2 yeniyeni, kapena anyamata akadzayamba kufunsa God of War II, pamenepo mudzawonjezere kadi yaing'ono ngati GT 1030, yomwe siifuna waya wakewake wa magetsi.

NaBangula

Bwanji osangoika PPSSPP, emulator ya PSP, kagemu ka m'manja kaja? Mng'ono wanga amasewera PES ya PSP pa foni yake ya Android yotchipa ndipo imayenda bwinobwino. Laputopu ya alamu anuyo ingaikwanitse, osataya ndalama.

Wometa_wa_pa_Nchalo

Zikomo achemwali, ndinayesa kale, imayendadi. Koma PSP ndi ya munthu mmodzi. Kwanga kuno ndalama ili pa anthu awiri kukhala pa benchi imodzi, kunyozana, wogonja n'kulipira. Wosewera yekha ndi kompyuta sabweranso mawa.

Mkulu_wa_ku_Nsanje_Boma

Zomwe anena anzathu a pa Ngabu n'zoona, koma aiwala chinthu chimodzi chomwe mwatchula nokha: m'mawa 30, masana kutsika. Kumeneko ndi kutentha. Nambala zonse za pa intaneti zija amayezera m'zipinda zozizira. Kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala timadutsa madigiri 40, ndiye muonjezere denga la malata. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Makina omwe ku Blantyre akukwanira ndendende, akatsika pa Thabwa amakhala osakwanira. Choncho musagule za pa malire, gulani zoposerako.

Ine ndinaziphunzira ndi laputopu yanga ya i5. Ndinkaiika pa tebulo loyala nsalu, mabowo a mpweya onse otsekeka, ndipo ikatha hafu yoyamba mpira umasanduka wa nkhalamba. Nditaitsegula ndinapeza fumbi lagwirana ngati thonje la pa msika. Ndinapukuta, n'kupaka thermal paste watsopano, n'kuikweza pa timatabwa tiwiri. Inasintha tsiku lomwelo. Inu pa Nchalo muli ndi mdani winanso, phulusa la nzimbe nthawi yotentha minda, kuphatikiza tsitsi la mu shopu yanu. Fani imakoka zonsezo. Makinawo musawaike pansi, ndipo muziwapemerera mwezi uliwonse.

Pa desikitopu ndili ndi kakaikiro pang'ono. Magetsi akazima, desikitopu imazima pomwepo gemu ili pakati, ndipo mkangano wa ndalama uyambiranso. Purosesa ya i5-4590 payokha imatha kudya mawati 84, musanawerengere TV. Ngati muli ndi kasola kakang'ono kochajira makina ometera, sikangapirire. Laputopu ili ndi batire, koma nayo mukaichotsa pa chaja imatsitsa liwiro, pokhapokha mutaiika pa High performance, ndipo batire imatha msanga. Mukasankha laputopu, pewani purosesa yakale yothera ndi chilembo U, funani yothera ndi H kapena HQ.

Ndipo musanapereke ndalama ku Limbe, nyamulani fulashi yokhala ndi PCSX2 ndi gemu yanu. Muisewere pomwepo m'shopu mphindi 20 zathunthu, osati ziwiri. Akakana kuti muyese, tulukani.

Wometa_wa_pa_Nchalo

Ndabwerako akuluakulu. SSD sindinagule. Ndapeza desikitopu ya i5-4590, koma inali ndi kamtengo kamodzi ka 4GB, ndiye ndinakakamira mpaka anandiikira kachiwiri. Ndinayesa m'shopu momwemo monga munanenera, 50 osagwedera. Kuno ndaikhomera kashelefu pamwamba, kutali ndi tsitsi, ndipo fani yomwe inkapemerera makasitomala tsopano ikupemerera kompyuta, moti ometedwa ayamba kudandaula thukuta. Masana ano yatsika kamodzi kufika 47 pa kona, wina aliyense osazindikira.

Za magetsi munanena zoona bambo a ku Nsanje, Lachitatu anazima ziwiri kwa ziwiri mphindi ya 80, ndinabweza ndalama kwa onse awiri. Laputopu ya alamu ndaikamo DuckStation, emulator ya PS1, ndi mpira wakale wa PS1 kuti izigwirizira nthawi ngati imeneyo, koma TV nayo imazima, ndiye amaunjikana pa kasikirini kakang'ono. Alipo akudziwa ngati UPS (batire yogwirizira magetsi akazima) ya 650VA ingagwire desikitopu ndi TV ya mainchesi 32 mpaka gemu imodzi ithe?