Ndithandizeni: chasisi cha galimoto yomanga ndekha chilibe nambala ya VIN

Wofunsa, ku Leicester:

Akuluakulu nonse a pagulu lino, landirani moni. Ndikupempha nzeru kwa amene anayendapo njira yolembetsa galimoto ku DVLA, bungwe la boma losunga kaundula wa galimoto kuno ku Britain, makamaka galimoto zimene munthu amalumikiza yekha m'galaja, zomwe eni dziko amazitcha kit car. Chaka chatha ndinagula yotere kwa bambo wina wopuma pa ntchito, amene anaiyamba bwino koma msana unamuvuta asanaimalize. Ndi ya mipando iwiri, yopanda denga, ndipo maonekedwe ake ndi otengera Lotus Seven ya 1957. Chasisi ndi chatsopano, chochokera ku kampani ina yaing'ono yopanga zida zoterezi, pomwe injini, giyabokosi ndi chiwongolero zinachotsedwa mu Mazda MX-5 ya 1999. Chikalata cha kaundula cha Mazda imeneyo, chotchedwa V5C, anandipatsa ndipo chili kale m'dzina langa.

Ntchito yatsala pang'ono kutha, koma ndayang'ana chasisi chonse ndi tochi, mpaka kupala penti m'malo awiri, osapeza nambala iliyonse yodindidwa. Lisiti logulira chasisicho akuti linasowa pamene ankasamuka. Mnzanga wina, yemwe ndi makaniko, akuti ndingodinda nambala ya Mazda ija popeza pepala lake ndili nalo, koma mtima wanga ukukana. Kodi zimenezi n'zololedwa? Ngati sizololedwa, nambala yoyenera ichokera kuti, ndipo ndiyambe ndi kupeza nambalayo kapena kupititsa galimoto koyesedwa?

Yankho, kuchokera ku Coventry:

Achimwene, malangizo a mnzanuyo musawatsatire ngakhale pang'ono. VIN ndi dzina la chasisi kapena thupi la galimoto imodzi, ndipo siyenda ndi injini kapena giyabokosi zikasamutsidwa. Zilembo zitatu zoyambirira zimanena dziko ndi kampani imene inapanga galimotoyo, motero ya Mazda yanu ikuyamba ndi J kusonyeza Japan, pomwe zopangidwa kuno zimayamba ndi S. Mukadinda nambala yonena kuti ichi ndi chopangidwa ndi Mazda ku Japan pa chasisi cha mapaipi chowotcheredwa kuno, woyesa galimoto adzaona pompopompo, ndipo nkhaniyo idzafanana ndi ya anthu amene amabisa galimoto zakuba pozipatsa nambala za galimoto zina. Ngakhale mutapanda kugwidwa poyamba, tsiku la ngozi a inshuwalansi adzakhala ndi chifukwa chokanira kulipira.

Njira zoona ndi ziwiri. Ngati kampani imene inapanga chasisicho ikadalipo, ilembereni kalata yotchula dzina la amene anagula ndi chaka chake, chifukwa makampani ambiri oterewa amasunga kaundula ndipo akhoza kukupatsani nambala ya chasisicho pamodzi ndi kope la lisiti. Ngati inatsekedwa, mulembere a DVLA ku Swansea, mufotokoze mmene galimotoyo yamangidwira, ndipo akakhutira amatumiza kalata yokulolani kudinda VIN imene iwo apereka. Sangailembetse galimotoyo asanalandire umboni woti nambala yadindidwadi molondola. Nambala ikhale ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo malamulo a VIN sagwiritsa ntchito I, O ndi Q kuopa kuzisokoneza ndi 1 ndi 0.

Yankho, kuchokera ku Glasgow:

Ndikuvomereza zimene anena a ku Coventry, ndipo ndiyankhe funso la chimene chiyenera kuyamba, popeza ineyo ndinapititsapo galimoto yotere koyesedwa. Nambala ndiyo iyambe. Mayeso amene mukufuna ndi IVA, oona ngati galimoto yotere ikukwanira malamulo isanalembetsedwe, omwe analowa m'malo mwa mayeso akale a SVA mu 2009, ndipo amene amayesa ndi a DVSA, bungwe la boma loyesa galimoto, osati a DVLA. Fomu yofunsira mayesowo imafuna VIN, ndipo pa tsikulo woyesa amayang'ana kuti nambala yodindidwa pa chitsulo chenicheni cha chasisi, mbali ya kumanja, ikufanana ndi imene ili pa kachitsulo kolembedwa dzina la wopanga ndiponso ndi ya pa mapepala. Kachitsulo komangirira ndi marivetiko pakokha sikakwanira, chifukwa munthu akhoza kukachotsa ndi kuikapo kena.

Ine ndinalipira mapaundi 450, ndipo ndinalephera ulendo woyamba, osati chifukwa cha mabuleki kapena magetsi, koma chifukwa cha m'mphepete mwakuthwa mwa zitsulo zina zimene woyesa anati zikhoza kucheka munthu pa ngozi. Mutengenso umboni wa chaka cha injini, chifukwa mlingo wa utsi umene adzayesere umadalira zaka za injiniyo, ndipo V5C ya Mazda idzakuthandizani pamenepa ngati nambala ya injini ikugwirizana. Popeza munagula ntchito ili pakati, pemphani bambo aja zithunzi zonse zimene anajambula pomanga, muphatikize ndi zanu, chifukwa mudzafunika kusonyeza kuti galimotoyi inamangidwa ndi anthu wamba osati ndi ochita malonda.

Yankho, kuchokera ku Luton:

Bambo, ine ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya galaja ina kwa zaka zingapo, ndipo ndikuona kuti lisiti losowalo ndi lalikulu kuposa mmene mukuliganizira. VIN ndi nambala ya pa puleti ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma mapepala omwewo ndi amene amagamula zonse. Galimoto imene zida zake zonse ndi zatsopano imapatsidwa nambala ya chaka chino, ndipo yanu siili m'gulu limenelo. Yokhala ndi chasisi chatsopano cha kampani ya kit car, kuphatikizapo zida zikuluzikulu ziwiri zochokera mu galimoto imodzi yakale, ikhoza kupatsidwa nambala yogwirizana ndi zaka za galimoto yakaleyo. Inu zida muli nazo zitatu, koma muyenera kutsimikiza gwero la chasisi. Umboni ukaperewera, amapereka nambala yoyamba ndi Q, imene imatanthauza kuti zaka kapena chiyambi cha galimotoyo n'zokayikitsa. Galimoto ya Q imayenda pamsewu movomerezeka, koma simungaikepo nambala yodzisankhira, ndipo ogula ambiri amaichepetsa mtengo.

Polembetsa mudzatumiza fomu ya V627/1 yofotokoza kumene chida chilichonse chinachokera, chiphaso cha IVA, malisiti, zithunzi, V5C ya Mazda ndi mapaundi 55 olembetsera koyamba, kuwonjezera pa msonkho wa pamsewu. Chonde thupi la Mazda lija musathamangire kulipereka kwa ophwanya galimoto musanajambule nambala yake ndi kusunga mapepala anu onse, chifukwa galimoto ikapatsidwa chikalata chotsimikiza kuti yaphwanyidwa, dzina lake limatsekedwa m'kaundula.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, mwandichotsa pa njira yoipa. Nkhani ya nambala yabodza ikanandipwetekanso kutsogolo, popeza maganizo anga ndi oti ndikadzabwerera ku Malawi ndidzapite nayo, ndipo a MRA ndi a Road Traffic amafananitsa nambala ya chasisi ndi mapepala. Ndaimbira bambo aja madzulo ano. Zithunzi ali nazo pa kompyuta yakale, ndipo akukumbukira kuti analipira chasisicho kudzera ku banki, motero alonjeza kufufuza sitetimenti ya chaka chimenecho. Thupi la Mazda likadali kuseri kwa nyumba yawo, ndipo Loweruka ndikalijambula. Kampaniyo ndailembera kale. Funso limene latsala kwa a ku Glasgow ndi lakuti, nambala ikabwera, munadinda nokha ndi zodindira za nyundo kapena munapita nayo ku galaja kuti nawonso asaine kutsimikiza?